Mtengo wabwino pa pampu youma

Amene anagonapo pamzere wa mafuta amadziwa kutalika kwa usiku wake. Galimoto zimandandalikana kuchokera pakhomo la malo omwetsera mafuta mpaka kukakhota msewu wina, injini zonse zili zii. Uyu wagoneka mpando n'kufunda jekete. Uyo wasiya chigubu pakati pa galimoto ziwiri kuti chimusungire malo, iye wathamangira kunyumba kukaona ana. Mphekesera zimayenda mzere wonse: akuti thanki yanyamuka, akuti ifika m'bandakucha, akuti yakhotera kwina. Pamwamba pa onsewo pali chikwangwani chowala bwino, cholembedwa mtengo wa petulo ndi dizilo. Mtengo wake ndi wabwino ndithu, ndipo nduna yalumbira pawailesi kuti siukwera. Kungoti pamtengo umenewo palibe amene akugula kanthu.

Chikwangwani chimenecho ndicho chimandipsetsa mtima. Dziko lodalira mafuta ochokera kunja likadukiridwa mafuta, chuma chimavulala, zimenezo palibe angatsutse. Koma ine ndikuti gawo lalikulu la balalo silichokera kunkhondo yakutaliyo, kapena kusitima yochedwayo. Limachokera ku khama la boma loteteza nambala ya pachikwangwani m'malo moteteza mafuta a m'pampu, ndiponso ku zimene bomalo silinachite pamene zinthu zinali bwino.

Tiyambe ndi chifukwa chake mafuta amakhala nkhani yosiyana ndi katundu wina. Nsapato zikakwera mtengo, munthu amasoketsa zakale n'kuyenda nazo chaka china. Woyendetsa lole sangatero ndi dizilo. Ulendo wa makilomita 500 umafuna malita ake, kaya mtengo uli pati. N'chifukwa chake kuperewera pang'ono kumakweza mtengo modabwitsa. Mu Okutobala 1973, nkhondo itabuka pakati pa Israel ndi mayiko a Egypt ndi Syria, mayiko achiarabu okumba mafuta anachepetsa mafuta awo n'kuleka kugulitsa ku America ndi Netherlands. Mafuta amene anasowa pamsika wa dziko lonse sanafike n'komwe gawo limodzi mwa magawo khumi. Koma mgolo umodzi, womwe ndi malita 159, unachoka pa madola 3 kufika pafupifupi madola 12 m'miyezi yochepa. Mu 1974 mitengo ya zinthu ku Japan inakwera kupitirira 20 peresenti, ndipo chuma cha dzikolo chinabwerera m'mbuyo kwa nthawi yoyamba chithereni nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ku Netherlands boma linaletsa galimoto kuyenda Lamlungu, ana n'kumapalasa njinga m'misewu ikuluikulu. Ku America anaika lamulo lakuti galimoto isathamange kupitirira mamailo 55 pa ola.

Makamera amakonda mizere ya petulo chifukwa ndiyo ili m'tauni, ndipo eni galimoto zazing'ono ndiwo ali ndi mawu. Koma chuma cha dziko chimayenda ndi dizilo. Lole yonyamula mbewu kuchoka kumunda, thirakitala, pampu yothirira, sitima ya pamtunda, makina a kumgodi, jenereta ya pachipatala, jenereta ya pansanja ya foni, zonsezi n'zadizilo. Petulo akasowa, anthu amachedwa kuntchito n'kudandaula. Dizilo akasowa, ntchitoyo ndiyo imatha. Ndipo zina mwa ntchitozi sizidikira munthu. Nyengo yobzala ikadutsa fetereza ali kudoko, sungaibweze mwezi wamawa mafuta atafika. Mbewu zovunda msanga zikakhala masiku anayi m'lole yoima, mlimi wataya chaka. Fakitale imene yalephera kutumiza katundu kunja pa tsiku la pangano imataya wogula, ndipo wogulayo akapeza wina sabweranso. Zotayika zoterezi sizioneka pachithunzi, koma ndizo zimadya ndalama zakunja za chaka chamawa, zomwe zikanagula mafuta a chaka chamawa.

Mafuta akasowa, akuluakulu amathamangira kuloza chala panyanja. Nthawi zina amanena zoona. Dziko lonse limatentha migolo pafupifupi 100 miliyoni patsiku, ndipo gawo limodzi mwa magawo asanu limadutsa pampata umodzi wokha wa Hormuz, pakati pa Iran ndi Oman. Ngalande ya Suez, ku Egypt, inatsekedwa zaka zisanu ndi zitatu, kuyambira 1967 mpaka 1975, ndipo mu Malichi 2021 sitima imodzi yokha, Ever Given, inapingasa ngalandeyo kwa masiku asanu ndi limodzi. Kuyambira chakumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinayamba kuzungulira kumwera kwa Africa pothawa mizinga ya gulu lankhondo la Houthi la ku Yemen pa Nyanja Yofiira, ulendo n'kutalika ndi masiku khumi kapena kuposerapo, inshuwalansi n'kukwera. Njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu, ndipo dziko laling'ono logula mafuta silingachitepo kanthu.

Koma kawirikawiri sitima imakhala yafika. Chimene sichinafike ndi dola.

Nkhani ya Sri Lanka mu 2022 ndi yofunika kuiyang'ana modekha, chifukwa kumeneko kunalibe nkhondo, kunalibe amene anatseka doko. Dzikoli ndi chilumba chokhala pafupi ndi njira imene sitima zamafuta zimadutsa tsiku ndi tsiku. Mu Meyi chaka chimenecho, nduna ya zamafuta Kanchana Wijesekera inauza nyumba ya malamulo kuti sitima yodzaza petulo yakhala ili panyanja pafupi ndi Colombo kwa milungu ingapo, koma boma lilibe madola oti litsitsire. Anthu ali pamzere kumtunda, petulo ali pamadzi poonekera. Akale ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Zinafika bwanji pamenepo? Chakumapeto kwa 2019 boma la Gotabaya Rajapaksa linadula misonkho kwambiri. Alendo odzacheza, omwe ankabweretsa ndalama zakunja zochuluka, anachepa chifukwa cha mabomba a pa Pasaka mu 2019, kenako mliri wa Covid-19 unawathetseratu. Mu 2021 boma linaletsa fetereza wochokera kunja, zokolola n'kutsika. Nthawi yonseyi banki yaikulu inkagwirira ndalama ya dzikolo, rupee, pa 200 kapena cha pomwepo pa dola imodzi, ndipo kampani yaboma yogula mafuta inkagulitsa motsika kuposa mmene inkagulira. Nkhokwe ya ndalama zakunja, imene inali yoposa madola 7 biliyoni kumapeto kwa 2019, inaphwa mpaka nduna ya zachuma inavomera mu Meyi 2022 kuti zogwiritsika ntchito sizikufika madola 50 miliyoni. Rupee atailekerera mu Malichi, inagwa kufika cha m'ma 360 pa dola m'miyezi iwiri yokha.

Zotsatira zake zinalowa paliponse. Magetsi ankazima mpaka maola 13 patsiku chifukwa makina ena opangira magetsi ankayendera mafuta. Asodzi anakoka mabwato kumtunda. Asilikali anawaika pamalo omwetsera mafuta kuti aziletsa ndewu, ndipo anthu ena, makamaka okalamba, anafera pamzere. Mu Juni boma linauza ogwira ntchito m'boma kuti azikhala kunyumba Lachisanu n'kumalima, kenako linaletseratu kugulitsa mafuta kwa anthu wamba kwa milungu iwiri, sukulu n'kutsekedwa. Mu Julayi chikhamu chinalowa m'nyumba ya pulezidenti, iye n'kuthawa m'dzikolo. Pofika Sepitembala mitengo ya zinthu inali itakwera pafupifupi 70 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo chuma chinatsika kuposa 7 peresenti chaka chimenecho. N'zoona kuti nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mgolo kupitirira madola 120 mu Malichi 2022. Koma mtengo umenewo unagwera dziko lililonse logula mafuta. Si lililonse limene pulezidenti wake anathawa pandege ya asilikali.

Tione mmene mtengo woumirizidwa umaumitsira pampu, chifukwa ambiri amaona ngati ndi nkhanza za amalonda chabe. Kampani yoitanitsa mafuta imagula ndi madola, n'kugulitsa ndi ndalama ya m'dzikomo. Mtengo wakunja ukakwera, kapena ndalama ya dziko ikagwa, koma wa papampu osasuntha, lita iliyonse imene kampaniyo yagulitsa ndi ngongole. Boma limalonjeza kuti lidzabweza. Limachedwa. Kampani imalephera kulipira amene anaipatsa mafuta ulendo wathawu, banki imakana kulemba kalata yotsimikizira malipiro a ulendo uno, ndipo wogulitsa kunja, yemwe kale ankalola kulipidwa pakatha masiku angapo, tsopano akufuna ndalama patsogolo komanso mtengo wokwererapo chifukwa cha chiopsezo. Sitima zimene zinkabwera zinayi zimabwera ziwiri. Pamenepo n'kuti mafuta ena otchipawo akuwolokera malire usiku kupita kumene mtengo uli wokwera, ndalama za okhoma msonkho n'kumathandiza oyendetsa galimoto a dziko loyandikana nalo.

Kenako mantha amamaliza ntchito. Tiyerekeze dziko lokhala ndi galimoto 1 miliyoni, iliyonse ya thanki ya malita 50. Masiku abwino, galimoto zambiri zimayenda ndi theka la thanki kapena kucheperapo. Mphekesera ikangomveka, aliyense amafuna kudzaza mpaka kukamwa. Pamenepo malita 25 miliyoni asamuka kuchoka m'mathanki a pansi pa malo omwetsera kupita m'mathanki a galimoto zoimikidwa pakhomo, osawerengera zigubu. Palibe lita imene yatenthedwa, koma mapampu auma. Zinachitika ku Britain mu Sepitembala 2021, pamene mafuta m'dzikomo analipo okwanira, chosowa chinali madalaivala a mathanki. Ndipo sindingamunene munthu wodzaza thankiyo. Ine ndemwe ndingatero. Akakuuza kuti usade nkhawa mafuta alipo, koma ukuona mzere ndi maso ako, umakhulupirira maso.

Tsono ndani amalipira mtengo wa pachikwangwani uja? Kunena zoona, pafupifupi palibe. Wolemera amatuma mnyamata kukagona pamzere, kapena ali ndi nambala ya bwana wa pamalopo amene amamuimbira thanki ikafika. Amene sangadikire, monga woyendetsa basi amene tsiku lililonse loima ndi tsiku la njala, amagula wa m'zigubu kumbuyo kwa nyumba pamtengo wowirikiza kawiri kapena katatu, mwina wosakaniza ndi palafini, injini n'kuwonongeka. Iyeyo amakweza mtengo wa ulendo molingana ndi mtengo wa chigubu, osati wa pachikwangwani. Wokwera basi, yemwe alibe galimoto ndipo sadzakhala nayo, amalipira mtengo wa mumdima pamene boma likudzitama kuti lamuteteza. Otsalawo amalipira ndi nthawi. Mphunzitsi amene ali pamzere sali m'kalasi. Makaniko amene ali pamzere sakukonza kanthu. Maola amenewo ndi msonkho, koma msonkho wodabwitsa: nzika yalipira, boma silinalandire, sunamange sukulu, sunagule mankhwala. Wangotayika ngati madzi pamchenga.

Akatswiri ambiri azachuma amati ngakhale mizere yotchuka ya ku America mu 1973 ndi 1974, pamene madera ena ankagulitsa petulo potengera nambala ya galimoto, lero manambala awa mawa enawo, inakula chifukwa cha malamulo oletsa kukweza mitengo amene pulezidenti Richard Nixon anaika kuyambira 1971, pamodzi ndi dongosolo la boma logawira mafuta madera potengera mmene ankagwiritsira ntchito kale. Ngati dziko lolemera chotero linakodwa mumsampha umenewu, losauka lingapulumuke bwanji?

Ndikudziwa chimene wowerenga wina akunena pano, ndipo sindikuchipeputsa. Akuti: n'kosavuta kwa wolemba nkhani kunena kuti mtengo ukwere. Mafuta akakwera zonse zimakwera, malipiro osasuntha. Ndipo akakwera satsikanso msanga, ngakhale mtengo wakunja utatsika. Pamene Nigeria inachotsa thandizo la boma pa petulo mu Meyi 2023, mtengo unawirikiza pafupifupi katatu m'masiku ochepa, ndipo amene anamva ululu woyamba sanali eni mabanki. Zonsezi n'zoona. Kuonjezera apo, pamene mafuta aperewera zenizeni, kungolekerera msika kumatanthauza kuti wa galimoto yopitira kokasangalala adzaposa ambulansi pamtengo. Msika sudziwa kuti m'galimoto inayo muli mayi woyembekezera.

Koma yankho la zimenezi si kunamizira kuti mtengo wakale ukadalipo. Mtengo wokwera umapweteka, koma munthu amatha kuuwerengera: wamalonda amadziwa kuti ulendo umudyera zingati, n'kusankha kupita kapena kusapita. Kusowa sikuwerengereka. Sudziwa ngati mawa uyenda, sungalonjeze wogula tsiku, sungalembe munthu ntchito. Ngati cholinga n'kuteteza osauka, ndalama zimene zimathiridwa pa lita iliyonse, zomwe zambiri zimathera m'mathanki akuluakulu a anthu opeza bwino, zikanapita kwa osaukawo mwachindunji, kapena kumabasi onyamula anthu ambiri. Ndipo mtengo umene umasinthidwa pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi suluma ngati umene waumirizidwa chaka chathunthu kenako n'kudumpha usiku umodzi. Maboma amadziwa zimenezi. Chimawaletsa ndi chisankho chimene chili pafupi, ndipo chisankho chimakhala pafupi nthawi zonse.

Pamene mafuta achepadi, kugawa n'kofunika, koma kugawa poyera. Apa Sri Lanka yomweyo inaphunzitsa kanthu, ngakhale mochedwa. Mu Ogasiti 2022 boma linayambitsa chiphaso cha mafuta cha pafoni, chokhala ndi chizindikiro cha QR, galimoto iliyonse n'kupatsidwa malita ake a pamlungu. Mitengo inali itakwezedwa kale kufika pafupi ndi mtengo weniweni. Mizere ya masiku angapo ija inafupika m'milungu yochepa. Mafuta sanachuluke mwadzidzidzi. Chimene chinasintha n'chakuti munthu anadziwa kuti gawo lake lilipo, Lachiwiri kapena Lachisanu alipeza, ndiye panalibenso chifukwa chogonera pamsewu. Mzere nawonso ndi njira yogawira, tisaiwale. Kungoti umagawira amphamvu, a nthawi yambiri ndi odziwana ndi woyang'anira pampu.

Pali bala lina limene limatuluka patapita zaka. Mitengo itakwera mu 1973, kenako n'kukweranso mu 1979 boma la mfumu Shah litagwa ku Iran, mayiko okumba mafuta anadzaza madola m'mabanki a ku London ndi New York. Mabankiwo anabwereketsa ndalamazo kumayiko a ku Latin America ndi Africa, ambiri mwa iwo akuzifuna kuti alipirire mafuta omwewo. Chiwongoladzanja chinali chotsika, ngongole inkaoneka yokoma. Banki yaikulu ya America pansi pa Paul Volcker itakweza chiwongoladzanja kufika cha m'ma 20 peresenti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 pofuna kuthana ndi kukwera kwa mitengo kwawoko, ngongole zija zinasanduka goli. Mexico, yomwe inali yogulitsa mafuta, inavomera mu Ogasiti 1982 kuti yalephera kubweza, ena ambiri n'kutsatira. Ana amene anapeza sukulu zopanda mabuku m'zaka zimenezo sankadziwa kuti mbali ina akulipirira dizilo amene anatenthedwa iwo asanabadwe. Mafuta ogula pangongole ali ndi vuto limeneli: msewu womangidwa pangongole umakhalapo pobweza, koma mafuta amakhala atasanduka utsi kalekale.

Mayiko olemera anatengapo phunziro mu 1973. Mu 1974 anakhazikitsa bungwe la International Energy Agency ku Paris, ndipo lamulo lake n'lakuti membala aliyense woitanitsa mafuta asunge okwanira masiku 90. America inakhazikitsa mu 1975 dongosolo losunga mafuta osayenga m'mapanga a mchere pansi pa nthaka ku Texas ndi Louisiana, ndipo mu 2022 inatulutsamo migolo 180 miliyoni. France, imene ili ndi mafuta akeake ochepa kwambiri, inaganiza mu 1974 zomanga malo ambiri opangira magetsi a nyukiliya. Brazil inayambitsa mu 1975 dongosolo loyendetsa galimoto ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Zina mwa njirazi zili ndi mavuto ake, ndipo si dziko lililonse lingazikwanitse. Chimene ndikuona ine n'chakuti onsewa analipira ndalama zambiri nthawi ya mtendere pogula chinthu chimene sichioneka, chomwe ndi masiku opumira tsoka likagwa.

Kodi dziko losauka lingathe? Tiwerengere. Dziko lotentha migolo 30,000 patsiku lingafunike migolo 2.7 miliyoni kuti likwanitse masiku 90. Pa madola 80 mgolo, ndi madola 216 miliyoni ongokhala m'mathanki, osawerengera kumanga mathankiwo, kuwalondera, ndi kusinthanitsa mafutawo chifukwa petulo ndi dizilo sakhalitsa ngati mafuta osayenga. Nduna ya zachuma imene ili ndi zipatala zopanda mankhwala ikakana, sindingaitche yopusa. Komanso nkhokwe imathandiza pa msewu wotsekedwa kwa mwezi umodzi. Siichiza matenda osowa madola, chifukwa ikatha iyenera kudzazidwanso ndi madola omwewo. Komabe pakati pa masiku 90 ndi masiku asanu pali mtunda wautali. Masiku 30 enieni, oyezedwa ndi ndodo m'thanki osati olembedwa m'lipoti, amasiyanitsa sitima yochedwa ndi dziko loima. Ndanena kuti enieni dala. Kumanga mathanki kumakoma chifukwa pali mwambo wodula riboni. Kuwadzaza kulibe mwambo, ndipo nkhokwe yodzaza imakopa aliyense amene ali ndi dzenje m'bajeti.

Ndipo palinso funso la njira. Dziko lopanda nyanja limadalira mtendere wa mnansi, ngakhale mkangano usali wake. Zambia inali ndi chaka chimodzi chokha cha ufulu pamene Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (lero ndi Zimbabwe), analengeza mu Novembala 1965 kuti dzikolo ladzilamulira popanda chilolezo cha Britain. Britain inaletsa mafuta kupita ku Rhodesia, ndipo Rhodesia inatseka mafuta opita ku Zambia, amene ankadutsa m'dziko lakelo. Chilango chinali cha Smith, koma woyamba kuuma anali Kenneth Kaunda. Ndege za Britain, Canada ndi America zinayamba kunyamula mafuta m'migolo kupita nawo ku Zambia, ndege kutentha mafuta kuti ikatule mafuta. Malole ankayenda msewu wafumbi ndi matope wochokera ku Dar es Salaam umene madalaivala anautcha Hell Run chifukwa cha ngozi zake. Rhodesia yokhayo inkalandirabe mafuta mwakachetechete kudzera ku South Africa ndi Mozambique. Zambia inachita kumanga paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1968. Ndalama zimene dziko latsopanolo likanamangira zina zinapita pogula njira yachiwiri.

Cuba ndiyo imaonetsa kumene msewuwu umathera. Inkadalira mafuta otchipa a Soviet Union, ndipo dzikolo litatha mu 1991 mafuta olowa anatsika kuposa theka. Pakati pa 1989 ndi 1993 chuma cha Cuba chinachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ng'ombe zinabwerera m'minda m'malo mwa mathirakitala, boma linaitanitsa njinga zochuluka kuchokera ku China, ndipo anthu anaonda moti madokotala anachita kulemba za kuondako. Wogulitsa mmodzi wokoma mtima ndi woopsa kuposa ogulitsa atatu ouma mtima.

Pali amene amati zonsezi zitha galimoto zamagetsi zikachuluka. Mwina, ndipo dziko limene lili ndi mitsinje, dzuwa kapena mphepo yopangira magetsi likuchita bwino kuthamangira kumeneko, chifukwa basi iliyonse yoyendera magetsi opangidwa m'dzikomo ndi madola osatuluka. Koma malole akuluakulu, makina a kumigodi ndi ndege zidzamwabe mafuta kwa zaka zambiri, ndipo mabatire nawo amagulidwa ndi madola. Nduna imene ikulankhula za galimoto zamagetsi pamene thanki ya dziko ili ndi dizilo wa masiku anayi ikusintha nkhani.

Nepal inakumana ndi zonsezi pakamodzi mu 2015. Mu Epulo chivomezi chinapha anthu pafupifupi 9,000 n'kugwetsa nyumba zambirimbiri. Mu Sepitembala dzikolo linakhazikitsa malamulo atsopano oyendetsera dziko, anthu a mtundu wa Madhesi okhala kumalire ndi India anawakana, ndipo chipata cha Birgunj, cholowera katundu wambiri wa dzikolo, chinatsekeka. Boma la Nepal linati India ndiyo yatseka. India inati madalaivala akuopa ziwawa. Kaya zoona zinali ziti, mafuta onse a Nepal ankachokera kukampani imodzi ya boma la India, kudzera njira imeneyo ndi zipata zina za kumwera komweko. Kwa miyezi yoposa inayi, mpaka Febuluwale 2016, dzikolo linauma. Gasi wophikira atasowa, boma linayamba kugulitsa nkhuni mumzinda wa Kathmandu. Zipatala zinaperewera mankhwala. Ntchito yomanganso nyumba zogwa ndi chivomezi inaima nyengo yozizira ili pakhomo, chifukwa simenti ndi malata siziyenda zokha. China inapereka petulo wa mphatso kudzera m'misewu ya m'mapiri a Himalaya, koma anali wa masiku owerengeka. Chuma chaka chimenecho sichinakule ngakhale ndi 1 peresenti.

Chipata chitatseguka, atsogoleri a Nepal analumbira kuti zoterezi sizidzachitikanso. Anasainirana mapangano ndi China olola katundu wawo kudutsa m'dzikolo, ndipo analankhula zambiri zokulitsa nkhokwe. Mu Sepitembala 2019 anatseguladi paipi yatsopano ya makilomita 69, yoyamba yodutsa malire m'chigawo chonsecho, imene inachepetsa mtengo wonyamulira ndi kuchotsa mathanki ambiri pamsewu. Paipiyo imathera ku Amlekhgunj, ndipo imayambira ku Motihari, ku India.